Disiki C yadzadza: momwe ndikuchotsera mafayilo popanda kuwononga kanthu

Lolemba, 2 Juni: kuyeza kaye

Makina ndi laputopu ya Windows 11, RAM yake 16 GB, disiki yake ndi SSD ya 256 GB. Windows imaonetsa 237 GB, koma palibe chomwe chasowa. Opanga madisiki amawerenga gigabayiti imodzi ngati mabayiti 1,000,000,000, pomwe Windows imawerenga m'magulu a 1024, ndiye 256 imatsika kufika pa 238, kenaka kagawo kena kamapita ku zoyambitsira kompyuta. Pa 237 GB imeneyo, malo otsala lero ndi 4 GB basi. Mzere wa disiki C mu File Explorer wafiira, zomwe zimachitika malo otsala akachepera 10 peresenti, ndipo pulogalamu yomwe ndimakonzera mavidiyo ikukana kutulutsa vidiyo yomalizidwa chifukwa ilibe poiika. Sabata yatha malo analipo ndithu. Lachinayi Windows inakwera kufika pa mtundu watsopano wotchedwa 24H2, ndipo disiki yathina kuyambira tsiku limenelo.

Lero sindifufuta fayilo ngakhale imodzi. Ndikufuna ndidziwe kaye chomwe chadya malo, chifukwa munthu ukayamba kufufuta usanayeze, umatha madzulo onse ukuchotsa timakalata ta 40 KB pomwe foda ya 20 GB ili phee pambali. Ndatsitsa WinDirStat, pulogalamu yaulere komanso yaing'ono, yomwe imajambula disiki yonse ngati timabokosi tamitundumitundu. Bokosi likakhala lalikulu, ndiye kuti fayiloyo ndi yaikulu. WizTree nayo imagwira ntchito yomweyi, ndipo imadziwika ndi liwiro chifukwa imawerenga mndandanda wa mafayilo womwe NTFS, dongosolo lomwe Windows imasanjira mafayilo pa disiki, imasunga kale.

Ulendo woyamba nambala sizinagwirizane ndi za File Explorer, panali kusiyana kwa ma GB angapo. Pulogalamu ikatsegulidwa mwawamba siloledwa kulowa m'mafoda ena a Windows, ndiye imangowadumpha. Ndaitseka, ndadina batani lakumanja la mausi pa chizindikiro chake, ndasankha Run as administrator, ndipo nambala zayandikana.

Foda ya Users ndi yomwe yatenga gawo lalikulu, 142 GB. M'menemo mavidiyo ndi 49 GB, AppData 35 GB, zithunzi 27 GB, Downloads 23 GB, zolemba 8 GB. Kunja kwa Users kuli Windows yeniyeniyo 27 GB, mapulogalamu 26 GB, Windows.old 21 GB, Recycle Bin 7 GB, hiberfil.sys yopitirira pang'ono 6 GB, ndi zina zing'onozing'ono.

Ndikamayang'ana timabokosi timeneti ndikuona kuti funso silakuti fayilo ndi yaikulu bwanji, koma kuti ndi ya ndani. Ena ndi mafayilo a Windows, ena ndi a mapulogalamu, ena ndi anga. A Windows ndiwachotsa ndi zida za Windows yomweyo. A pulogalamu ndiwachotsera m'kati mwa pulogalamuyo. Batani la Delete ndiligwiritsa ntchito pa mafayilo anga okha, ndipo ngakhale amenewo ndikhala nditawakopera kwina. Umu ndi momwe ndiyendetsere ntchito yonseyi.

Ndalama zomwe zapita lero palibe, kupatula data yochepa yotsitsira pulogalamuyo.

Lachiwiri, 3 Juni: kukopera zanga kunja

Zipangizo ndi hadi disiki yakunja ya 1 TB yomwe ndinali nayo kale, ndi fulashi ya 32 GB. Sindinagule chilichonse. Zonse zipite mu hadi disiki, ndipo ntchito yomwe ndili nayo m'manja ikhalenso pa fulashi.

Fulashi ndi yomwe yayamba kuvuta. Vidiyo ina ya 5.2 GB yakana kulowa, uthenga ukuti fayiloyo ndi yaikulu kwambiri, chikhalirecho malo anali ambirimbiri. Nditayang'ana mu Properties ndapeza kuti fulashiyo ndi ya FAT32, dongosolo lakale losanjira mafayilo, ndipo FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB ngakhale malo atakhalapo ochuluka bwanji. Mankhwala ake ndi kuifomata kukhala exFAT, dongosolo lomwe limalandira mafayilo akuluakulu. Kufomata kumafafaniza zonse zomwe zilimo, choncho ndayamba ndasamutsa zomwe zinali pa fulashipo, kenaka ndafomata, vidiyo ija yalowa bwinobwino.

Pokopera ku hadi disiki sindinakoke mafoda ndi mausi. Ndagwiritsa ntchito robocopy, yomwe imabwera ndi Windows, chifukwa ikamaliza imakuuza kuti mafayilo angati alowa ndipo angati alephera. Mu Command Prompt, zenera la Windows lolembamo malamulo, ndalemba chonchi:

robocopy C:\Users\dzina\Pictures E:\Zithunzi /E /R:1 /W:1

Pomwe pali dzina muikepo dzina la akaunti yanu. /E ikutanthauza kuti itenge ndi timafoda tonse tam'kati. /R:1 ndi /W:1 musaziiwale: mukazisiya, robocopy ikakumana ndi fayilo yokana imayesa kokwana 1,000,000, ndipo imadikira masekondi 30 pakati pake, ndiye mudzaona ngati yafa. Ndikuchenjezeninso za /MIR yomwe anthu ambiri amaikonda. Imeneyo imafananitsa mbali ziwirizo, kutanthauza kuti chilichonse chomwe chili kokopera koma kulibe kochokera chimafufutidwa. Pa ntchito ngati ino, pomwe mawa ndiyamba kuchotsa zinthu pa C, /MIR ingathe kukachotsanso zomwezo mu bakapu. Ine sindikuikhudza.

Pa foda ya zolemba ndaima kaye. Imalumikizana ndi OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti, ndipo mafayilo ambiri ali ndi kachizindikiro ka mtambo. Fayilo yoteroyo siili pa disiki, pali dzina lake lokha. Ukaikopera, imayamba yatsika kuchokera pa intaneti n'kukhala pa C, kenaka ndi pomwe imapita kokopera. Ndi 4 GB yokha yotsala, zimenezo zikanatha kudzazitsa disiki pakati pa ntchito. Foda imeneyi ndidzaikopera malo akapezeka. Nkhani ina yofunika pa mafoda olumikizana chonchi ndi yakuti ukafufuta fayilo pa kompyuta, imafufutikanso kumtamboko. Ngati cholinga n'kupeza malo basi, dinani kumanja n'kusankha Free up space, fayilo imachoka pa disiki koma imatsala pa intaneti. Mukafufuta mwangozi, pa akaunti ya munthu wamba fayiloyo imakhala m'bini ya OneDrive kwa masiku 30.

Kukopera kwatenga gawo lalikulu la madzulo. Pomaliza robocopy yaonetsa kuti fayilo imodzi yalephera. Inali fayilo ya ntchito ya vidiyo yomwe inali chitsegulire. Ndatseka pulogalamuyo, ndabwereza lamulo lomwe lija, ndipo yadumpha zonse zomwe zinalowa kale n'kutenga yotsalayo yokha.

Bakapu yomwe sunaitsegule sungaidalire. Ndayerekeza Properties za mafoda mbali zonse ziwiri, kuchuluka kwa mafayilo ndi mzere wa Size. Mzere wa Size on disk umatha kusiyana pakati pa madisiki awiri ngakhale zonse zili bwino, ndiye musadabwe nawo. Ndatsegula zithunzi zingapo ndi mavidiyo angapo kuchokera mu hadi disikimo, mavidiyowo ndikuwathamangitsa mpaka kumapeto. Pa mafayilo ochepa omwe sindingapirire atawonongeka ndagwiritsa ntchito Get-FileHash, lamulo lomwe limatulutsa nambala yozindikiritsa zam'kati mwa fayilo, mu PowerShell, zenera lina lolembamo malamulo, mbali zonse ziwiri, ndipo manambala afanana.

Malo otsala akadali 4 GB.

Lachitatu, 4 Juni: bini ndi mafayilo osakhalitsa

Ndayamba ndi Recycle Bin. Anthu ambiri amadabwa kuti afufuta zinthu koma malo sakuwonjezeka. Fayilo yomwe ili m'bini imakhala ikadali pa disiki ndipo imadya malo omwewo. Ndisanakhuthule ndasanja zam'katimo potengera tsiku lomwe zinafufutidwa, ndaziwerenga, ndabweza kalata imodzi yomwe ndikuona kuti ingafunikebe. Nditakhuthula, malo afika pa 11 GB.

Kenaka Settings, System, Storage, Temporary files. Nambala yomwe imaoneka koyamba ndi yokopa kwambiri, koma m'kati mwake muli zinthu ziwiri zomwe sindikufuna zichoke lero: Downloads ndi Previous Windows installation. Apa mpofunika kuwerenga mzere uliwonse musanadine Remove files. Downloads ili pamndandanda womwewo ndi zinyalala, koma ndi foda yanu, ndipo kwa ambiri a ife ndi momwe mumakhala makalata a ntchito, ziphaso ndi zithunzi zomwe tinatumiziridwa. Onetsetsani kuti kabokosi kake sikochongedwa.

Zomwe ndachonga ndi Windows Update Cleanup, Delivery Optimization Files, Temporary files, Windows upgrade log files ndi DirectX Shader Cache. Delivery Optimization ndi zidutswa za maapudeti zomwe kompyuta imasunga kuti igawane ndi makompyuta ena, ndipo kuzichotsa sikuwononga kanthu. Thumbnails ndazisiya. Ndi tizithunzi ting'onoting'ono tomwe timaoneka mukatsegula foda, Windows imatipanganso tikachotsedwa, ndiye phindu lake ndi la masiku ochepa pomwe mafoda a zithunzi amayamba kutseguka mochedwa.

Pa Windows Update Cleanup zinthu zaima nthawi yaitali, kachizindikiro kakungozungulira, fani ikulira. Ndayang'ana mu Task Manager ndapeza Windows Modules Installer Worker ikugwira ntchito ndithu. Apa musazimitse kompyuta, chifukwa ikusanja mafayilo a Windows yeniyeniyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndailumikiza kumagetsi n'kuisiya, yamaliza yokha, ndipo malo ena aonekera nditaiyambitsanso.

Kwatsala foda ya Temp ya akaunti yanga. Ndadina batani la Windows pamodzi ndi R, ndalemba %temp%, ndatseka mapulogalamu onse, ndasankha zonse zam'katimo n'kufufuta. Iyi ndi foda imodzi yokha yosakhala yanga yomwe ndalolera kuikhudza ndi manja, chifukwa inapangidwira zinthu zotayika. Mafayilo ena akana, uthenga ukuti akugwiritsidwa ntchito. Ndachonga kuti ichite chimodzimodzi kwa onse otero n'kudina Skip. Fayilo yokana musalimbane nayo, ilipo pulogalamu yomwe yaigwira.

Malo otsala 17 GB. Vidiyo ija yatuluka, ntchito yapita kwa eni ake. Kenaka ndakopera foda ya zolemba yomwe ndinaisiya dzulo, ndipo nditamaliza ndaibwezera kumtambo ndi Free up space.

Lachisanu, 6 Juni: Windows.old ndi zomwe ndakana kukhudza

Windows.old ndi Windows yakale yomwe imasungidwa kuti ngati yatsopanoyo ikuvuta muthe kubwerera kudzera pa Go back mu Recovery. Mwayi umenewu umakhala wa masiku 10, kenaka Windows imachotsa fodayo yokha. Ikachoka, njira yobwerera yatsekeka. N'chifukwa chake ndinadikira. M'masiku apitawa ndayesa printa, Wi-Fi, Bluetooth, kamera, maikolofoni, ndi pulogalamu iliyonse yomwe ndimapezera ndalama. Zonse zikuyenda.

Ndatsegulanso Windows.old\Users kuti ndione ngati muli kanthu kanga. Mwanga munalibe, chifukwa kukweza kwa mtundu uwu kumasiya mafayilo a munthu pamalo pake. Koma amene anaika Windows mwatsopano pa disiki yosafomata, zithunzi ndi zolemba zake zakale zimakhala m'menemo, ndipo nthawi zina ndi momwemo mokha. Yang'anani musanachotse.

Fodayi simaichotsa ndi Delete. Mafayilo ake ambiri ali m'manja mwa TrustedInstaller, akaunti yapadera ya Windows yeniyeniyo, ndipo mukayesa mumangolandira mauthenga okana, n'kutsala ndi foda yogumuka theka. Ndabwerera ku Temporary files, ndachonga Previous Windows installation, ndavomera chenjezo. Malo afika pa 38 GB. Kunena zoona ikanachoka yokha Lamlungu likubwerali, ndiye amene sakuthinidwa ndi malo angodikira.

Tsopano mafoda omwe amaoneka onenepa mu WinDirStat koma ndawasiya dala.

WinSxS ndi yoyamba. Imaoneka yaikulu kuposa momwe ilili, chifukwa mafayilo ake ambiri ndi omwewo omwe ali mu System32, fayilo imodzi yokhala ndi maina m'malo awiri, ndiye imawerengedwa kawiri. Kufufuta kanthu m'menemo ndi manja kungachititse kuti maapudeti alephere kapena kompyuta isayake n'komwe. Njira yake ndi kutsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba:

Dism /Online /Cleanup-Image /AnalyzeComponentStore

Imakuuzani kukula kwenikweni, ndipo kumapeto imanena ngati kuyeretsa kukufunika. Kwa ine yati No, popeza Windows Update Cleanup inagwira kale ntchitoyo Lachitatu. Ikanati Yes ndikanalemba lamulo lomwelo koma ndi /StartComponentCleanup m'malo mwa /AnalyzeComponentStore. Ena amawonjezera /ResetBase kuti apeze malo ochulukirapo, koma ikatero maapudeti omwe alipo simungawachotsenso ngati ina mwa iwo yabweretsa vuto. Pa laputopu yantchito mtengo umenewo ndi wokwera kwambiri kwa ine.

Yachiwiri ndi C:\Windows\Installer, foda yobisika yodzaza mafayilo a .msi ndi .msp okhala ndi maina osamveka. Kuwaona ungati ndi zotsalira. Mapulogalamu amawafuna pa tsiku lomwe mukuwakonza, kuwakweza kapena kuwachotsa, ndipo vuto lake silioneka lero. Limadzatulukira patapita miyezi, pulogalamu ikukana kuchoka komanso kukana kukwera, inu mutaiwala kale zomwe munafufuta.

Yachitatu ndi pagefile.sys, yomwe Windows imagwiritsa ntchito RAM ikachepa. Ndaisiya m'manja mwa Windows.

Pa hiberfil.sys, fayilo yomwe Windows imasungiramo ntchito yotsegula ikamagoneka kompyuta ndi Hibernate, ndinalingalira nthawi ndithu. Kukula kwake kumakhala pafupifupi 40 peresenti ya RAM, ndiye kwa ine ndi 6.4 GB. Lamulo la powercfg /h off limaichotsa mosavuta komanso mosaopsa, koma limazimitsa Hibernate pamodzi ndi Fast Startup, yomwe imathandiza kompyuta kuyaka msanga. Pa kompyuta yapatebulo ndikanachita. Pa laputopu, batire ikatsala pang'ono kutha, Hibernate ndi yomwe imasunga ntchito yonse yotsegula makina asanazime. Ma GB 6 amenewo akugwira ntchito yake, akhale.

System Restore, yomwe imasunga momwe Windows inalili kuti muthe kubwererako zikavuta, inali ndi 2 GB yokha. Ndangopanga restore point yatsopano n'kuika malire ake mu System Protection kuti isadzakule mopitirira.

Loweruka, 7 Juni: AppData ndi mapulogalamu

AppData ndi yobisika, mumaifika polemba %localappdata% kapena %appdata% pamzere wa adiresi. Ndi foda yomwe yandipatsa ntchito yoganiza kuposa ina iliyonse, chifukwa zinyalala ndi zinthu zamtengo wapatali zimagonera limodzi m'menemo, ndipo maina ake sakuuza kuti ichi n'chiti.

Bokosi lalikulu kwambiri linali cache ya pulogalamu yokonzera mavidiyo, 15 GB. Ndi mafayilo omwe imapanga kuti vidiyo iziyenda mosadukiza pokonza, ndipo ambiri anali a ntchito zomwe zinatha kalekale. Sindinawafufute mu File Explorer. Ndatsegula pulogalamuyo, ndapita m'makonzedwe ake, ndapeza batani lochotsera cache. Ubwino wake ndi wakuti pulogalamuyo imadziwa mafayilo omwe akugwirabe ntchito, komanso imakonza mndandanda wake womwe. Ntchito yomwe ndili nayo panopa inachedwa kutseguka ulendo woyamba uku ikupanganso cache yake, kenaka yayenda monga kale. Malo 53 GB.

Bokosi lachiwiri linali foda ya 9 GB yokhala ndi dzina lalitali la zilembo ndi manambala osakanikirana, m'kati mwake timafoda tambirimbiri ta maina a zilembo ziwiri. Palibe fayilo yomwe ungatsegule n'kuona kuti n'chiyani. Chomwe chandiuza ndi njira yake: Apple Computer, MobileSync, Backup. Ndi bakapu ya iPhone yomwe ndinasiya kugwiritsa ntchito, ndipo foniyo ndilibenso. Mauthenga ndi zithunzi za nthawi imeneyo mwina zatsala m'menemo mokha. Ndakopera foda yonse ku hadi disiki, ndayerekeza kuchuluka kwa mafayilo ndi kukula kwake, kenaka ndaichotsa pa C. Malo 62 GB. Mukapeza foda ya dzina losamveka, werengani maina a mafoda omwe ali pamwamba pake, nthawi zambiri mwini wake amadziwika pamenepo.

Mafayilo a imelo ndawasiya, koma ndilembe kusiyana kwake chifukwa ambiri amapwetekera apa. Mu Outlook yakale ija, fayilo ya .ost ndi kope chabe la zomwe zili pa seva, ndipo imachepa mukachepetsa miyezi ya makalata osungidwa pa kompyuta m'makonzedwe a akaunti. Fayilo ya .pst nthawi zambiri imakhala nkhokwe yokhayo ya makalata akale. Maina akufanana, koma kutaya .pst ndi kutaya makalatawo.

Cache ya Chrome ndaichotsa ndi Ctrl, Shift ndi Delete, nditachonga zithunzi ndi mafayilo osungidwa zokha. Cookies ndazisiya kuti ndisatulutsidwe m'maakaunti onse. Phindu lake silinafike ndi 1 GB yomwe, ndipo idzadzazanso.

Mapulogalamu ndawachotsera ku Settings, Apps, Installed apps, nditawasanja potengera kukula. Achoka ndi masewera awiri omwe sindinawatsegule chaka chino, ndi pulogalamu ina yojambulira yomwe nthawi yake yoyeserera inatha. Kufufuta foda ya pulogalamu mu Program Files sikuchotsa pulogalamuyo bwino, kumasiya mizu yake m'malo ena. Pamndandandawo pali Microsoft Visual C++ Redistributable zingapo za zaka zosiyanasiyana. Zimaoneka ngati zobwereza koma sizili choncho, pulogalamu iliyonse imafuna ya chaka chomwe inamangidwira, ndipo n'zazing'ono. Zikhale.

Mapulogalamu omwe amalonjeza kuyeretsa kompyuta ndi batani limodzi sindinaike ngakhale imodzi. Zomwe amachotsa mosaopsa ndi zomwezo zomwe Windows yachotsa kale Lachitatu, ndipo kuyeretsa registry, nkhokwe ya makonzedwe a Windows, sikubweza malo oti n'kuwaona.

Malo otsala 70 GB.

Lachiwiri, 10 Juni: mafayilo anga

Apa palibe chida chomwe chingandisankhire. Ndipo pa SSD kulakwitsa kumawawa kuposa pa hadi disiki yakale. Pa yakaleyo fayilo yofufutidwa imakhalabe pa mbale mpaka china chitalembedwa pamwamba pake, ndiye mapulogalamu obwezeretsa amatha kuipeza. Pa SSD pali lamulo lotchedwa TRIM, lomwe limauza disiki kuti malo awa ndi opanda ntchito, ndipo disiki imawafafaniza yokha posakhalitsa. Bini ikakhuthulidwa, kawirikawiri fayiloyo yapita. Pa chifukwa chimenechi Shift ndi Delete, yomwe imadumpha bini, sindikuigwiritsa ntchito konse. Dziwaninso kuti zofufutidwa pa fulashi sizipita m'bini.

Ndapanga foda mu hadi disiki yakunja, dzina lake Zodikira 10 Julayi. Chilichonse chomwe ndikukayika chikupita m'menemo. Chomwe sindidzachifuna pofika tsikulo ndidzachifufuta.

Mu Downloads ndalemba size:>1GB m'kabokosi kofufuzira, ndipo zazikulu zonse zabwera poyera: fayilo ya ISO ya Windows yakale, mafayilo oikira mapulogalamu omwe anaikidwa kale, ndi ma ZIP omwe ndinawamasula koma n'kusunga zonse ziwiri. ZIP iliyonse ndayamba ndaona kuti foda yomasulidwayo ilipo ndipo ndi yathunthu. Mafayilo oikira mapulogalamu akuluakulu ndawasamutsira kunja m'malo mowafufuta, chifukwa kuwatsitsanso kumadya data. Makalata ndi ziphaso ndazipititsa ku foda ya zolemba komwe zimayenera kukhala. Pa 23 GB, 17 GB yachoka. Malo 87 GB.

Zithunzi zobwereza ndi zomwe zafuna maso kwambiri. Ndagwiritsa ntchito dupeGuru, yomwenso ndi yaulere. Poyamba inali pa kufananitsa maina, ndipo inanditulutsira mafayilo awiri otchedwa IMG_0412.JPG ngati amodzi. Nditawatsegula, china chinali chithunzi cha risiti, chinacho cha mayi anga atanyamula mwana wanga woyamba ali wakhanda, atamufunditsa kansalu koyera, iwo akuyang'ana pansi akumwetulira. Makamera ndi mafoni amabwereza maina, nambala ikafika 9999 imayambiranso, ndipo foni yatsopano imatha kuyamba pa 0001. Ndasintha kuti ifananitse Contents, kutanthauza zam'kati mwa fayilo, osati dzina. Ndaikanso foda yaikulu ya zithunzi ngati Reference, zomwe zimaletsa pulogalamuyo kuchotsa kanthu m'menemo, ndiye zochoka ndi makope okha omwe anamwazikana m'mafoda ena. Pulogalamu yamtundu uwu muziilozera mafoda anu okha. Mukaipatsa disiki C yonse idzapeza mafayilo ambirimbiri a Windows ndi a mapulogalamu omwe ndi ofanana dala. Makopewo ndawatumiza ku Zodikira, ndipo malo afika pa 92 GB.

Zithunzi zenizenizo zatsala pa laputopu ngakhale zili kale mu hadi disiki. Fayilo ukaisamutsira kunja n'kuichotsa pa kompyuta, sunapange bakapu, wangoisintha malo, ndipo ikadali imodzi yokha. Zithunzi za banja ndikufuna zikhale m'malo awiri nthawi zonse.

Mavidiyo a ntchito zomwe zinatha ndawachotsa pa C, 31 GB, popeza ali mu hadi disiki kuyambira Lachiwiri lapitalo. Apa pabuka vuto lomwe sindinaliyembekezere. Ntchito yomwe ndikukonza panopa imagwiritsa ntchito kachidutswa koyambira ndi nyimbo zochokera m'foda ya ntchito yakale. Nditaitsegula, malo a zidutswazo anali ofiira, pulogalamu ikuti mafayilo sakupezeka. Fayilo ya ntchito ya vidiyo sisunga mavidiyowo m'kati mwake, imangosunga njira yopita komwe ali. Ndatenga mafayilo ochepawo mu hadi disiki, ndawaika m'foda ya ntchito yatsopanoyo, ndalozera pulogalamu komwe ali, zofiira zonse zachoka. Musanasamutse foda yakale, tsegulani kaye ntchito zomwe zikuyenda muone komwe zikutenga zinthu zake.

Malo otsala 123 GB.

Lolemba, 16 Juni: malo ayambanso kuchepa

Ndapeza 114 GB, chonsecho sindinasunge chilichonse chachikulu. WinDirStat yaonetsa kuti cache ya mavidiyo yabwerera pa 8 GB, ndipo kotsalako ndi apudeti ya mwezi uno. Kuchotsa cache sikuletsa kuti ikulenso. M'makonzedwe a pulogalamuyo ndaika malire a kukula kwake, ndauzanso kuti izichotsa yokha mafayilo akale. Ndinaganiza zoisamutsira ku hadi disiki yakunja koma ndasiya, chifukwa disikiyo ndi yochedwa poyerekeza ndi SSD, ndipo cache ilipo kuti zinthu zizifulumira.

Ndayatsanso Storage Sense, kuti iziyenda mwezi uliwonse. Bini izikhuthula zomwe zakhalamo masiku oposa 30. Pa Downloads ndasiya pa Never, ndipo ndikulangiza aliyense kutero pokhapokha ngati foda yake ya Downloads ilidi yongodutsiramo zinthu. Nditachotsa cache ya ntchito yomwe ndapereka Lachisanu, malo afika pa 121 GB.

Zatsala ziwiri. Foda ya Zodikira idikire mpaka pa 10 Julayi, ndipo kufika lero ndatengamo fayilo imodzi yokha, yoikira dalaivala ya printa. Chachiwiri ndi mavidiyo a 31 GB aja pamodzi ndi bakapu ya foni yakale, zomwe panopa zili mu hadi disiki imodzi yokha. Pafunika disiki yachiwiri, ndipo imeneyo ndiyo ikhale ndalama yoyamba kutuluka pa ntchito yonseyi. Mpaka itapezeka, hadi disikiyi sikuyenda nane m'chikwama, ndipo ndikuilumikiza pokhapokha pomwe ndikufuna kutengamo kanthu.